Kodi Mafuta a Mumphika Ndi Omwewo a M'magazi?

Mafuta ndi madzi sizigwirizana. Mwana aliyense amene anatumidwapo kutsuka mphika wa nyama amadziwa kuti mafuta amayandama pamwamba, madzi n'kutsalira pansi. Nanga ngati mbali yaikulu ya magazi a munthu ndi madzi, zimatheka bwanji kuti a dokotala apime wodwala mtima n'kunena kuti m'magazi mwake muli mafuta ambiri? Amayandama pati? Ndipo kodi ndi mafuta omwe aja tinathira mundiwo dzulo, kapena ndi ena?

Inu amene munaphunzira za thupi la munthu mungaone ngati awa ndi mafunso achibwana. Koma ife ophikira odwala mtima, monga ine amene ndimaphikira amalume anga, timakumana nawo m'mawa, masana ndi madzulo, mthiko uli m'manja. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ndiloleni ndifunse limodzilimodzi, ndipo pamene ndapeza yankho ndilinene, chifukwa yankho lililonse landiberekera funso lina.

Za kuyandama zija akuti zili chonchi. Thupi silitaya mafuta m'magazi chitayetaye. Limawakulunga m'timibulu tokutidwa ndi mapuloteni, ndipo timibuluto ndi timene timatha kuyenda m'madzi. Tili ngati akabaza mumsewu. Akabaza ena, otchedwa LDL, amanyamula mafuta a mtundu wa kolesterolo kuchokera kuchiwindi kupita nawo ku ziwalo. Ena, otchedwa HDL, amatola kolesterolo wotsala n'kubwerera naye kuchiwindi. A LDL akachulukitsa, ena amalowerera m'khoma la mtsempha wa magazi n'kukhazikika momwemo ndi katundu wawo. Zaka zikamapita pamalopo pamatupa, njira ya magazi n'kuchepa. N'chifukwa chake wodwala amamva kufinya pachifuwa akamakwera chitunda: mtima ukufuna magazi ambiri koma akufika ochepa. Chotupacho chikang'ambika, magazi amaundana pomwepo, njira yonse n'kutsekeka, mbali ina ya mnofu wa mtima n'kufa. Pa kapepala ka kuchipatala pamakhalanso nambala ina, ya triglyceride, omwe ndi mafuta amene thupi limasunga kuti lizipezapo mphamvu.

Tsono ngati kolesterolo ndi woopsa chotere, akufunanji m'thupi mwathu? Akuti popanda iyeyu sitingakhale ndi moyo. Kachikopa kokuta selo iliyonse kamamangidwa naye. Mahomoni achimuna ndi achikazi amachokera kwa iye. Ndulu imene imatithandiza kugaya mafuta imapangidwanso naye. Choncho thupi silidikira kuti tichite kumudya: kolesterolo wambiri wa m'magazi amapangidwa ndi thupi lenilenilo, makamaka chiwindi. Apa ndiye mutu unaima. Ngati wopanga ndi chiwindi, mphika walakwa chiyani?

Mu 1913, ku St Petersburg, Nikolai Anichkov anadyetsa akalulu kolesterolo, ndipo mitsempha yawo inawonongeka mkati mofanana ndi ya anthu odwala mtima. Koma kalulu ndi wodya msipu, sadziwa dzira kapena nyama. Zogwera kalulu zingatiuze chiyani za amalume? Yankho lomveka linabwera patapita zaka 60. Michael Brown ndi Joseph Goldstein, a ku Dallas ku America, anapeza kuti maselo, makamaka a chiwindi, ali ndi tizogwirira timene timakola LDL n'kumuchotsa m'magazi, ndipo mu 1985 anapatsidwa mphoto ya Nobel pa ntchito imeneyi. Munthu akamadya kwambiri mafuta oundana, aja amagwirana mbuu mphika ukazizira, monga mafuta a nyama ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, batala, tchizi ndi masoseji, tizogwirirato timachepa, ndipo LDL amazungulira m'magazi nthawi yaitali. Akamadya mafuta amadzimadzi a mbewu m'malo mwa oundanawo, chiwindi chimakola bwino. Ndiye kuti mafuta a mumphika sathamangira kukamata mumtsempha ayi. Amasintha kagwiridwe ka ntchito ka chiwindi, chiwindicho n'kusintha magazi.

Nanga botolo la mafuta ophikira lolembedwa kuti mulibe kolesterolo, ndiye kuti tizithira mosaopa? Akuti mawuwo ndi oona koma satiuza kanthu, chifukwa kolesterolo amene timadya amachokera ku nyama, mkaka ndi mazira, osati ku mbewu. Chofunika kudziwa ndi kuchuluka kwa mafuta oundana m'botolomo. M'mafuta a kanjedza, pafupifupi theka ndi oundana. M'mafuta a kokonati amapitirira 80 peresenti. M'mafuta a mpendadzuwa, a soya ndi a mtedza sakwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Palinso mafuta ena oipa kuposa onsewa, otchedwa trans, amene amapangika m'fakitale akamalimbitsa mafuta amadzimadzi kuti apangire majarini olimba ndi mabisiketi. Amenewa amakweza LDL n'kutsitsa HDL nthawi imodzi. Dziko la Denmark linawaikira malire mu 2003, South Africa mu 2011, ndipo mu 2018 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linapempha mayiko onse kuti awathetse. Bwanji nanga zilembo zazikulu za pa botolo zimanena chinthu chosathandiza, chothandizacho n'kubisala m'tizilembo ta kumbuyo?

Komabe ine ndinkaganiza kuti wodya mafuta ambiri ndiye wodwala mtima, wodya ochepa ndiye wopulumuka. Mu 1958 Ancel Keys ndi anzake anayamba kutsata miyoyo ya amuna a m'mayiko asanu ndi awiri. Pa chilumba cha Crete ku Greece anapeza alimi odya mafuta ambiri ndithu, koma anali mafuta a maolivi, pamodzi ndi nyemba, masamba, zipatso ndi buledi wa tirigu wosakonola, ndipo nthenda ya mitsempha ya mtima inali yosowa. Kum'mawa kwa Finland anapeza odula mitengo ndi alimi, amuna a ntchito ya thukuta, odyanso mafuta ambiri, koma a batala, mkaka wonona ndi nyama, ndipo ankafa ndi mtima akadali ndi mphamvu zawo. Kodi si zodabwitsa kuti ngakhale nkhwangwa ya tsiku ndi tsiku sinawateteze? Mu 1972 chigawo cha North Karelia, cha kum'mawa kwa Finland komweko, chinayamba ntchito yosintha kadyedwe motsogozedwa ndi dokotala wachinyamata, Pekka Puska. Anthu anachepetsa batala n'kuyamba mafuta a mbewu, anachepetsa mchere ndi fodya, alimi ena a mkaka n'kuyamba kulima tizipatso. M'zaka pafupifupi 40, imfa za nthendayi pakati pa amuna a msinkhu wogwira ntchito zinatsika ndi kuposa 80 peresenti.

Koma amenewo ambiri anali asanadwale. Nanga amene mtsempha wake unatsekekapo kale, sindiye kuti madzi atayika? Funso limeneli ndi limene limandisowetsa tulo, ndipo yankho lake lili ndi chondizunguza chachikulu.

Ku Lyon, m'dziko la France, Michel de Lorgeril ndi anzake anatenga anthu 605 amene anali atapulumuka ku kutsekeka kwa mtsempha wa mtima. Theka anapitiriza ndi malangizo wamba a madokotala awo. Theka linalo anawaphunzitsa kadyedwe konga ka ku Crete: buledi, masamba, nyemba ndi nsomba zambiri, nyama yofiira pang'ono, chipatso tsiku lililonse, ndipo m'malo mwa batala anawapatsa majarini a mbewu ya canola. Lipoti lomaliza linatuluka mu 1999, patatha pafupifupi zaka zinayi akuwatsata. Pa gulu la malangizo wamba, amene anafa ndi mtima kapena kutsekekanso mtsempha anali 44. Pa gulu la kadyedwe katsopano anali 14. Koma atayerekezera kolesterolo wa m'magazi a magulu awiriwa, anapeza kuti sanasiyane kwenikweni. Zimatheka bwanji? Nambala ya pa kapepala siinasunthe, koma maliro anachepa. Kodi ndiye kuti nambalayo ndi yachabe?

Akuti si yachabe, koma si yokhayo. Chakudya chimakhudzanso zinthu zina zimene kapepala ka mafuta sikaonetsa: kufulumira kwa magazi poundana, kutupa kwa m'makoma a mitsempha, kuthamanga kwa magazi, ngakhale kagundidwe ka mtima. Zofanana nazo zinaoneka ku Wales mu 1989, pamene amuna 2,033 opulumuka ku nthenda yomweyi anagawidwa m'magulu. Amene analangizidwa kudya nsomba zamafuta kawiri pa mlungu, imfa zawo zinachepa ndi 29 peresenti m'zaka ziwiri.

Nanga kulibe kadyedwe kamene kamagwetsa nambala yeniyeniyo? Kaliko. Mu 1990 Dean Ornish wa ku California anafalitsa zimene anapeza pa odwala mtima 48. Ena mwa iwo anasiya nyama yonse, mafuta n'kungotsala gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu za chakudya chawo. Anasiya fodya, ankayenda ndawala, ankaphunziranso kukhazika mtima pansi. Patatha chaka, LDL wawo anatsika kuposa gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo mwa ambiri, malo ofinyika a m'mitsempha anatsegukako pang'ono. Koma anthuwo anali ochepa, ndipo anasintha zinthu zambiri nthawi imodzi. Ndi angati angakhale moyo wawo wonse osalawa ngakhale usipa? Kafukufuku wamkulu woyerekezera kuchepetsa mafuta ndi kadyedwe konga ka ku Crete anachitika ku Córdoba m'dziko la Spain ndipo anafalitsidwa mu 2022. Odwala mtima 1,002 anatsatidwa zaka 7, ena pa kadyedwe kochepetsa mafuta, ena pa kadyedwe ka mafuta a maolivi, nsomba, nyemba ndi mtedza wamitundumitundu. Pa ochepetsa mafuta, 111 anagwidwanso ndi vuto lalikulu la mtima kapena la mitsempha. Pa enawo anali 87. Kodi si ndiye kuti funso lenileni si lakuti mafuta angati, koma mafuta ati?

Ndafunsa chonchi chifukwa wodwala akamatuluka m'chipatala, kawirikawiri chimene banja limatolapo ndi mawu awiri okha: siyani mafuta. Wophika amamvera. Amawiritsa ndiwo ndi madzi ndi mchere basi. Wodwala sizimukomera, sakhuta, ndiye amawonjezera mitanda ya nsima ya ufa woyera, buledi woyera, tiyi wothira shuga wambiri, ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, poti zonsezi zilibe mafuta. Akapitanso kukapimitsa, triglyceride wakwera. Achokera kuti mafuta mwa munthu wosadya mafuta? Akuti chiwindi chomwe chija, chikalandira shuga wochuluka kuposa amene thupi likufuna, chimamusandutsa mafuta. Chimachitanso chimodzimodzi ndi mowa, kaya ndi wa m'botolo, masese kapena kachasu. Triglyceride akakwera, HDL nthawi zambiri amatsika. Choncho kuchotsa batala n'kuikapo shuga sikupindulitsa mtima kwenikweni. Bwanji tsono mawu awiri aja satsagana ndi ena onena chimene tiike m'mbale m'malo mwa chimene tachotsacho?

Mwina wina anena kuti zonsezi n'za anthu a ndalama. Kabotolo ka mafuta a maolivi m'sitolo za m'tauni mtengo wake ungagule ndiwo za masiku angapo. Kodi mtima wa munthu wosauka ndiye uzingofa? Apa ndinapeza chinthu chimene chinandisangalatsa. Mu 2003, David Jenkins wa ku Toronto anayesa kuphatikiza zakudya zingapo zotsitsa LDL m'mbale imodzi: soya, mtedza wa almond, majarini othiramo zinthu za m'zomera zotchinga kolesterolo m'matumbo, ndi zakudya zonanda. Pa zonandazo panali oats ndi balere, komanso therere lobala ndi mabiringanya. Therere! Lomwe lija ena amabisa kukabwera alendo. Patatha mwezi umodzi, LDL wa odya zimenezi anatsika ndi pafupifupi 29 peresenti, pamene wa omwa mankhwala a lovastatin anatsika ndi pafupifupi 31.

Therere lingachite bwanji zimenezi? Paja tati ndulu imapangidwa ndi kolesterolo. Chiwindi chimathira ndulu m'matumbo, ndipo ikatha ntchito, yambiri imayamwidwanso n'kubwerera kuchiwindi. Kunanda kwa therere ndi tiulusi tosungunuka ta m'nyemba zimakola ina mwa nduluyo n'kutuluka nayo kuchimbudzi. Chiwindi chikaona kuti ndulu yachepa, chimatapa kolesterolo m'magazi kuti chipangire ina. Ndiye kuti nyemba, khobwe, nandolo ndi nzama si ndiwo zongodikirira malipiro a kumapeto kwa mwezi. Nsinjiro zothira m'chisoso kapena mu nkhwani zili ndi mafuta amadzimadzi omwe chiwindi chimagwirizana nawo, chimodzimodzinso mapeyala. Mgaiwa umasunga gaga ndi mtima wa chimanga zimene zimatayika pokonola. Usipa, utaka ndi matemba zingalowe m'malo mwa nyama yonona popanda kubweretsa mafuta oundana ambiri, bola tisazimize m'mafuta okazingira kapena mumchere. Kodi tinayamba liti kuona zimenezi ngati chizindikiro cha umphawi, n'kumaona kanyenya, tchipisi cha pachiwaya ndi soseji ngati chizindikiro chakuti zinthu zayenda?

Ndiye ngati therere ndi nyemba zikufika pafupi ndi piritsi, amalume angasiye mankhwala? Funsoli ndi losavuta kufunsa koma loopsa kuliyankha molakwika. Anthu a ku Toronto aja anali 46 okha, vuto lawo linali kolesterolo wokwera basi, chakudya ankachita kupatsidwa, ndipo zinali za mwezi umodzi. Jenkins ndi anzake atayesanso pa anthu ena mu 2011, anthu akungolangizidwa n'kumakadzigulira ndi kudziphikira okha kwa miyezi 6, LDL anatsika ndi pafupifupi 13 peresenti. Kutsika kumeneku n'kwaphindu, koma amene mtsempha wake unadwala kale amafunika kutsika kwambiri. Akatswiri a mtima a ku Ulaya, m'malangizo awo a 2019, anati munthu woteroyo LDL wake akhale pansi pa 1.4 mmol/L, ndipo ndi ochepa amene angafike pamenepo ndi mphika wokha. Mu 1994, kafukufuku wa odwala mtima 4,444 ku Scandinavia anaonetsa kuti mankhwala a simvastatin anachepetsa imfa ndi 30 peresenti m'zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Ngakhale odwala a ku Córdoba aja, ambiri ankamwa mankhwala a mtundu umenewu, ndipo phindu la chakudya linabwera pamwamba pa phindu la mankhwala. Piritsi limachepetsa kolesterolo amene chiwindi chikupanga, chakudya chimachepetsa zimene zikulemetsa chiwindicho. Tingazikanganitse bwanji zinthu zimene zikuthandizana?

Nanga munthu wowonda, wodya mosamala, angakhale ndi mafuta ambiri m'magazi? Akuti inde. Pafupifupi munthu mmodzi mwa 250 kapena 300 alionse amabadwa ndi tizogwirira ta chiwindi tochepa kapena tosagwira bwino ntchito, ndipo LDL wake amakhala wokwera kuyambira ali mwana. Nthenda imeneyi imayenda m'banja. Ngati bambo kapena mchimwene anagwa ndi mtima asanakalambe, kodi si bwino kuti abale ake akapimitse m'malo modalira maonekedwe a thupi?

Ndipo kodi nthenda iliyonse ya mtima ndi ya mafuta? Ayi. Ana ndi achinyamata ambiri kuno kwathu amadwala mtima chifukwa zilonda za pakhosi zosachizidwa zinawononga tizitseko ta mumtima, ndipo zimenezo sizikhudzana ndi batala. Akuluakulu ambiri mtima wawo umatopa chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Kafukufuku wa dziko lonse amene anachitika m'Malawi mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera. Kwa amenewa, mchere ndi nkhani yaikulu. Bungwe la WHO limati usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi kosasefukira, kuphatikizapo wobisala m'buledi, m'nsomba zamchere ndi m'tizokometsera ndiwo ta m'mapepala. Wophika amene wachotsa mafuta n'kuwonjezera mchere kuti ndiwo zikome, wathandiza kapena wawononga? Ndipo iye angadziwe bwanji ngati palibe amene wamuuza mtundu wa nthenda imene wodwala wake ali nayo?

Latsala funso limodzi, ndipo ili si la a dokotala koma lathu. M'makomo ambiri wodwala mtima amamuphikira kamphika kake pambali. Iye akudya nyemba ndi nkhwani wotendera, ena onse akunyambita mafuta a nkhumba pa mkeka womwewo, fungo likumupeza. Adzapirira mpaka liti? Chonsecho kutupa kwa m'makoma a mitsempha sikuyamba pa zaka 60. Kumayamba munthu akadali wachinyamata, n'kumakula mwakachetechete zaka makumimakumi. Ana amene akudya pambali pa agogo awo odwala ali ndi magazi a banja lomwelo ndipo akuphunzira kakomedwe ka chakudya pa mkeka womwewo. Anthu a ku North Karelia sanaphikire odwala okha padera. Mudzi wonse unasintha batala, mchere ndi fodya, ndipo n'chifukwa chake zinatheka. Ngati nyemba, therere, nsinjiro, usipa, mgaiwa ndi zipatso zili zabwino kwa mtima umene wavulala kale, zingakhale zoipa kwa mtima umene ukadali wabwino? Tikudikira kuti adwale ndani wina kuti banja lonse lidyere mphika umodzi?